Mawu Awiri Amene Ndidachotsa

Buku lomaliza la Aphunzitsi lili ndi bodza m'malo asanu ndi awiri, ndipo bodzalo ndidaikamo ndine ndi zala zangazi. Iwo adalowa m'manda asakudziwa. Anthu amene adagula bukulo pa depoti ya Balaka ndi pamsika wa Liwonde sakudziwa mpaka lero, amangoti mayi uja adatsanzika ndi buku lokoma. N'lokomadi, koma si mawu onse ali m'menemo amene adalemba iwo.

Tinkawatchula kuti Aphunzitsi chifukwa adaphunzitsa pulayimale zaka zambirimbiri, kuyambira kwawo ku Chikweo mpaka ku Nselema, komwe adapumira pantchito n'kumanga kanyumba ka malata kuseri kwa msika. Koma anthu ambiri adawadziwa chifukwa cha timabuku tawo ta chikondi. Sankalemba za zibwenzi za masiku ano za pafoni ayi. Ankabwerera m'mbuyo, nthawi ya sitima zoyenda mu Shire, nthawi ya thangata, nthawi imene mnyamata ankapita ku Joni n'kusiyira mtsikana mkanda umodzi ngati chikole. M'mabuku mwawo anthu ankatha masamba makumi atatu asanagwirane ngakhale dzanja, koma iwe wowerenga thukuta lili kamukamu. Amuna ankagula n'kumanamizira kuti awatuma akazi awo. Kondakitala wina wa minibasi ndidamuona ndi maso angawa akuiwala kutsitsa munthu pa Liwonde, mpaka tidawoloka mlatho munthuyo akukuwa, iye mutu uli m'buku.

Ine ndidayamba kuwawerenga ndili kusekondale, kabukuko nditakabisa m'kati mwa buku la jogalafe. Ndiye tsiku limene mayi wamfupi wa magalasi adalowa mu ofesi yathu ya boma ku Balaka, jumbo ya makope ili kukhwapa, n'kufunsa ngati ndine mtsikana wotayipa mwachangu uja, sindidawadziwe. Nditatsegula kope loyamba n'kuwerenga mizere itatu, ndidaimirira ngati mwana wa sitandade wani.

"Khalani pansi, asekeletale," adatero. "Sindinabwere kudzayendera kalasi."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa lidali asekeletale. Ndidawatayipira mabuku anayi pa nthawi ya nkhomaliro, anzanga akudya tchipisi panja. Sadali munthu wofewa. Ankalemba zilembo zoongoka ngati mizere ya m'munda wa thonje, ndipo ukangoonjezera mpatuliro umodzi pamene iwo sadaike, ankauona. "Uwu mwauba kuti? Kabwezeni kwa eni ake." Ndinkapsa mtima, ndinkalumbira kuti ili ndi buku lomaliza kuwatayipira, koma akabwera ndi jumbo ina ndinkailandira ndi manja awiri. Ndinkakonda kukhala munthu woyamba m'dziko lonse kudziwa ngati mnyamata wa ku Joni abwerere kapena ayi.

Pofika pa buku lachinayi, matenda a shuga adali atayamba kuwadya maso. Zilembo zija zidakula, zina zikukwera, zina zikutsetsereka kuchoka pamzere. Nkhani yake idali ya mtsikana ndi mnyamata amene adathawa ntchito yokakamiza kwa Apwitikizi, n'kuyenda wapansi masabata angapo kudzera m'madambo a ku Chiuta mpaka kudzafika ku Chikweo. Adandiuza okha kuti amenewo adali amayi awo ndi abambo awo, iwo adangosintha maina. Mnyamata wa m'bukumo sadali wolankhulalankhula. Mtsikana akatupa mapazi, akalira kukumbuka kwawo, akabereka mwana woyamba m'chisakasa cha eni, iye ankangonena mawu awiri a Chilomwe: murima aka. Tanthauzo lake ndi mtima wanga. Adanena kasanu ndi kawiri m'buku lonselo, ndipo chikondi chake chonse chidali m'menemo.

Tsiku lina ndikutayipa, kalaliki wathu wa mafayilo adasuzumira kumbuyo kwanga. Adali munthu wa nthabwala, wa mtundu uja woti akalowa m'chipinda aliyense amakonzekeratu mano. Adawerenga mokweza, mwa Chichewa chake:

"Mulima aka! Ee, koma zibwenzi za Anguru! Mtsikana wayenda mtunda wonsewo, mapazi atupa, mwamuna akumugawira ndime. Mulima aka, ine ndilima ako!"

Ofesi yonse idagwa nako kuseka. Ngakhale abwana adatuluka kudzafunsa, ndipo atamva adabwerera akupukuta misozi. Kwa masabata angapo aliyense akamandipatsa kalata yoti nditayipe ankati, "Asisi, mulima aka." Ndipo woseka kwambiri kuposa onse ndidali ine.

Mu ofesimo padalibe amene ankadziwa kuti agogo anga obereka amayi adali Alomwe a ku Chikweo komweko. Ndidali nditazikwirira kalekale. Ndili fomu wani agogowo adabwera kudzandiona kusukulu atasenza chinangwa chophika mumtanga, n'kundilonjera m'chilankhulo chawo pamaso pa anzanga. Atapita, atsikana a m'hositelo adandifunsa ngati mumtangamo mudali njoka yokazinga kapena yowotcha. Teremu yonse palibe amene adafuna kudya nane mbale imodzi. Kuyambira pamenepo munthu akandifunsa kwathu ndinkati ku Balaka, basi, ndipo agogo akandilankhula Chilomwe ndinkayankha Chichewa mpaka nawonso adasiya.

Ndiye ndidadziuza kuti ndikuteteza Aphunzitsi. Ndidati m'mutu mwangamu, mayi ameneyu watha maso polemba, kodi anthu akaseke pamalo pamene akufunika kulira? Owerenga a ku Balaka Chilomwe achidziwira kuti? Maganizo amenewa sadali opusa kotheratu, n'chifukwa chake adandigwira. Koma ndikanena zoona, amene ndinkamuteteza adali mtsikana wa fomu wani uja. Ndikadakhala kuti ndikuganizira iwo, bwenzi nditakwera minibasi kukawafunsa. Akuluakulu amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndidalamula kompyuta kuti paliponse pali murima aka iike wokondedwa wanga. Idandifunsa ngati isinthe ponseponse, ndidavomera, ndipo zidatha tiyi wanga asanazizire.

Mwambo wathu udali woti buku lisanapite kosindikiza ndinkawawerengera lonse, makamaka tsopano pamene sankathanso kuona pepala. Loweruka m'mawa ndidakwera minibasi ya ku Liwonde, n'kusintha ina ya ku Nselema. Tidakhala pakhonde, phokoso la msika likumveka chapatali. Iwo ankamvetsera atatseka maso, dzanja lili pabondo, ndipo mawu akalakwika dzanjalo linkakwera lokha ngati la wapolisi wa pamsewu.

Njira yonse ndidali nditakonza zoti ndikanene. Ndikafika pamalopo ndiwerenga zimene ndalemba, dzanja likwera, ndiwafotokozera bwinobwino. Ndidafikadi pamalopo. Maso anga adaona wokondedwa wanga, koma pakamwa panga padatuluka murima aka. Adatuluka bwino lomwe, lilime likunjenjemera pa chilembo cha r chija monga ankachitira agogo.

Aphunzitsi adatsegula maso.

"Tabwerezani."

Ndidabwereza.

"Mwanena ngati mwini wake. Asekeletale, kwanu kwenikweni n'kuti?"

"Ku Balaka konkuno, Aphunzitsi. Ndangotengera m'mene mumanenera inuyo."

Kenako adandiuza zimene sadandiuzepo. Adati zaka zonse za uphunzitsi wawo, mwana akalankhula Chilomwe kapena Chiyao m'kalasi ankamukwapula ndi rula m'manja. Adati adakwapulapo ana a achibale awo enieni chifukwa cha mawu amene iwo eni adayamwira.

"Mabuku onsewa ndalemba za makolo a eni," adatero. "Anga ndinkachita nawo manyazi. Bambo anga sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma mawu awiriwa ankawanena kwa mayi anga mpaka mano onse atatha m'kamwa. Ndafuna kuti akhale papepala ndisanafe. Anthu aseke, asaseke, izo n'zawo."

Apa ndi pamene munthu wabwino akadagwada pansi. Ine ndidatembenuza tsamba n'kupitiriza kuwerenga, ndipo malo ena asanu ndi amodzi otsalawo ndidanama chimodzimodzi. Dzanja lawo lidakwera kangapo tsiku limenelo chifukwa cha timipatuliro, koma pa bodza langa silidakwere.

Ndikanena kuti mpata udasowa ndikhala ndikuonjezera bodza lina. Padapita masabata awiri ndisanapereke ntchitoyo kwa osindikiza, ndipo kubwezeretsa mawuwo kukadatenga nthawi yochepa ngati mmene kuchotsa kudatengera. Kawiri konse ndidatsegula fayilo ija. Koma kalaliki uja adali atalengeza kuti bukulo likatuluka agula lake, adzatiwerengere chaputala cha kulima pa nkhomaliro. Ndinkati ndikaganiza za mawu a agogo ali m'kamwa mwake, ofesi ikugubuduka, ndinkatseka fayilo ija osasintha kanthu.

Bukulo litatuluka ndidawapititsira asanu oyamba. Adaligwira, adalisisita chikuto, adalinunkhiza. Ndinkaopa kuti auza mdzukulu kapena mnansi kuti awawerengere, koma iwo adali ndi lamulo lawo. "Buku likatuluka lili ngati mwana wamkazi wokwatiwa," ankatero. "Sumapita kukasuzumira kuchipinda kwake." Lamulo limeneli lidandipulumutsa, ndipo ndidakondwera nalo. Chikondwerero chimenecho ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri ndikakumbuka.

Kamodzi kokha ndidayesa. Adali atayamba kudwalika, miyendo itatupa, ndipo ndidawagulira chambo chowamba pa Liwonde chifukwa ankachikonda. Nditakhala pamphepete pa bedi ndidati, "Aphunzitsi, pali kanthu kena m'buku muja kamene ndinalakwitsa."

"Iyayi, asekeletale, ngati ndi mipatuliro yanu ija ndinakukhululukirani kale," adatero akuseka. "Inu munandichitira chachikulu. Mwaika bambo anga m'buku. Tamenyani nsombayo tidye."

Ndidamenya nsombayo n'kuwachotsera minga, ndipo tidadya.

Uthenga wa imfa yawo udandipeza pa ntchito Lachiwiri masana, mwana wa mchimwene wawo atandiimbira foni. Maliro adakaikidwa ku Chikweo. Kuchokera pa Nselema ndidakwera kabaza, ndipo njira yonse tinkapitirira anthu oyenda pansi ndi apanjinga olowera komweko. Kudabwera aphunzitsi opuma, amayi ogulitsa tomato, amuna a zipewa zoyera ochokera kumzikiti, amayi a mpingo wawo atavala yunifolomu. Ena adali ndi timabuku tawo takaletakale, tothothoka zikuto, atatipinda m'chitenje. Mayi wina amene ndidakhala naye pafupi adandiuza kuti adaphunzira kuwerenga ali wamkulu kale chifukwa chotopa ndi kupempha mwana wake kuti amuwerengere, poti mwanayo ankadumpha malo okoma. Owerenga mbiri ya malemu adanditchula ine kuti ndidali maso awo pamene maso awo adatha. Anthu adatembenuka kundiyang'ana mwaulemu, ine ndidazolika.

Kalaliki uja adali atandipatsira chipepeso chake. Adandiuzanso kuti buku lomalizalo lidamuliza, ngakhale adadabwa kuti za kulima zija sadazipezemo. Mpaka lero sindidziwa ngati akadaseka kapena akadalirabe mawuwo akadakhalamo. Mwina pofika kachitatu, kachinayi, nthabwala ikadamuthera. Sindidampatse mpata iye, ngakhale wina aliyense.

Titabwerako kumanda, anthu akusamba m'manja, adandiitana kuti akulu awo a malemu akundifuna. Adali mayi wokalamba kwambiri, wowuma thupi, atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba. Aphunzitsi adali atandiuzapo za iwo: ndi amene adatsala kumunda kuti mng'ono wawo apite kusukulu, ndipo sadaphunzire ngakhale chilembo chimodzi. M'manja mwawo mudali buku lomaliza lija.

"Ndinu asekeletale aja?"

"Ndine, mayi."

"Mng'ono wanga anandiuza kuti mawu a bambo athu ali m'menemu. Akuti ndinu munawaikamo. Ine kuwerenga sinditha, koma maso ndili nawo. Tandilozereni ndione m'mene amaonekera."

Ndidagwada. Ndidalandira bukulo n'kuyamba kutembenuza masamba. Ndidapeza malo amene mtsikana wabereka mwana woyamba m'chisakasa, mwana amene adali mayi amene adakhala patsogolo pangawa. Ndidaika chala pansi pa wokondedwa wanga.

Adayandikiza buku kumaso, adayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi aatali chonchi? Pakamwa pa bambo ankamveka aafupi."

"Papepala mawu amatalika, mayi," ndidatero.

Adagwedeza mutu ngati munthu amene waphunzira kanthu, adasisita malowo ndi chala chachikulu, n'kupinda ngodya ya tsambalo kuti asadzasowe. Kenako adandigwira mkono kundithokoza. Ndidabwerera ku Balaka ndikudzida kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga, komabe ndidabwerera osanena kanthu.

Chaka chimenecho sindidatayipirenso munthu buku. Makope a Aphunzitsi adali m'sutikesi pansi pa bedi langa, ndipo nthawi zina ndinkatulutsa lomaliza lija kuyang'ana mawu awiriwo m'zilembo zawo zazikulu zotsetsereka. Pamalo pena adali atawadula mzere kunsi kawiri. Ndinkaganiza zosindikizanso bukulo, ndinkaganiza zolemba kalata kwa achibale, ndinkaganiza zambiri. Kuganiza ndimatha ndithu.

Patatha chaka adandiitana ku mwambo wa chiliza. Ndidapita ndikuyembekeza kuti mayi aja aiwala, kapena, Mulungu andikhululukire, kuti sindiwapeza. Ndidawapeza pamkeka womwe uja, ndipo adandizindikira ndisanawalonjere n'komwe. Adatuma munthu kukatenga buku m'nyumba.

Lidatseguka lokha pa tsamba lija. Inki ya osindikiza athu otchipawa siilimba, ndipo pamene padali wokondedwa wanga padangotsala banga lakuda la chala, pepala litapyapyala. Mawu ena onse ozungulira adalipo, anga awiri okhawo ndiwo adafufutika.

"Ndimawagwira m'mawa uliwonse," adatero. "Alendo akabwera ndimawaonetsa. Mawuwa asanafufutike, adzukulu angawa ankati akawerenga amati palembedwa kuti wokondedwa wanga. Ndinawauza kuti sukulu yanu njachabe, simutha kuwerenga chilankhulo cha makolo anu. Mmodzi anachita kulira, akuti agogo ndikunena zoona. Ana a masiku ano makani." Adandipatsa bukulo. "Ndiye taonani ndawamaliza ndi chala changachi. Muli ndi cholembera? Tawabwezeretsanipo."

Cholembera ndidali nacho m'chikwama. Ndidatsamiritsa buku pabondo, ndipo pa banga lija ndidalemba pang'onopang'ono, kusamala kuti pepala lisabooke: murima aka.

Adalitenga, adaliyandikiza kumaso. Chala chawo chidayenda kuchokera pamene mawu adayambira n'kukaima pamene adathera, kenako chidapitirira pang'ono pamalo opanda kanthu, pamene chidazolowera kufika.

"Afupika," adatero. Adandiyang'ana. "Mwanawe, afupika bwanji?"

Kumanda kudali kutayamba nyimbo, ndipo anthu ankadutsa pafupi nafe kupita komweko. Ndidavula nsapato n'kukhala pamkekapo. Ndidawapempha kuti aitane kaye mdzukulu amene adalira uja, chifukwa nayenso ankayenera kumva. Podikira kuti abwere, ndidayamba ndi kuwauza dzina la agogo anga ndi mudzi umene adagona, ndipo adati ankawadziwa.